A Meja ndi Chikho Changa cha Thobwa

Ndikakumbukira a Meja, mphuno ndi zimene zimayamba: fungo la chimera chonyowa likutuluka pansi pa ziguduli kuseri kwa nyumba ya azungu ku Jumeirah, mu mzinda wa Dubai, likusakanikirana ndi kamphepo ka mchere kochokera kunyanja ndi fungo la mafuta opaka m'miyendo ya nkhalamba. Kenako makutu amatsatira. Ndimamva chitsulo chawo choyendera chikugogoda pa matailosi, go, go, go, makina oziziritsa nyumba akung'ung'udza usana wonse, ndi liwu lokalipa ngati la munthu woitana asilikali pa perete likuti, "Amayi! Amayi!" Oitanidwawo anali mayi anga ondibereka, a Esitere. Woitanayo anali mzungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, wa makwinya mpaka m'zikope. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinadana naye tisanapatsane ndi moni yemwe.

Amayi anachoka kwathu ku Ntcheu nditangoyamba kumene sukulu, n'kundisiya m'manja mwa mng'ono wawo. Ndinakula ndikuwadziwira pa foni ya kugolosale ndi m'madiresi amene ankafika atandithina kale. Chaka chimenecho, a Meja analamula kuti mwana wa wantchito wawo abwere kudzacheza pa holide ya Khirisimasi. Mudzi wonse unati ndine wamwayi. Ine za ndegezo ndinalibe nazo ntchito kwenikweni, chimene ndinagwira ndi mawu awiri amene amayi ananena pa foni. Oyamba anali akuti kontirakiti yawo ikutha mu Januwale, ndipo tidzabwerera limodzi. Achiwiri anati, "Ubweretse mawere, Madalo, tidzaphike thobwa la Khirisimasi ngati kwathu. Chikho choyamba chidzakhala chako." Choncho ine ku Dubai sindinapite kukaona nyumba zazitali. Ndinapita kukatenga mayi anga.

Pa bwalo la ndege amayi kunalibe. Anandichingamira ndi dalaivala wa pa nyumbapo, bambo wa ku Chipata wa mimba yake ndi nthabwala zake, amene ndinauzidwa kuti ndizimutcha ankolo Tembo.

"Ndiwe Madalo? Yalla, tiye. Amai ako akangiwa kubwela, ba Meja akana kusamba ngati si beve owasambika."

Njira yonse ndinangokumbatira thumba la mawere pamiyendo. Zaka zonsezo ndinali ndikuyeseza mmene ndidzawathamangire amayi pa bwalo la ndege, ndiye wina wangokana kusamba basi, zonse zapita m'madzi.

Chipinda cha a Meja chinali ndi zithunzi khoma lonse, ndipo amayi anandizungulitsa akundifotokozera monyadira ngati akundionetsa azigogo athu. Apa panali chinyumba cha njerwa chokhala ndi chumuni chachitali, pabwalo pali akavalo akuluakulu akukoka ngolo za migolo. Imeneyo inali fakitale yofulula mowa ku Mangalande, imene anaisiya agogo awo, ndipo a Meja anaiyendetsa zaka zambirimbiri. Apo anali mnyamata woonda atavala kabudula wa khaki pakati pa asilikali akuda, anyamata a kwathu amene anapita nawo kunkhondo m'nkhalango za ku Burma. Pena anali mu suti atanyamulidwa m'mapewa tsiku limene anasankhidwa kukhala phungu, pena atagwira chiwongolero cha bwato la matanga, tsitsi lili mbwee ndi mphepo. Mkazi wawo atamwalira, mwana wawo anawatenga kuti mafupa awo azikaothera dzuwa la ku Dubai. Mwanayo ankangokhalira m'ndege, ndiye nyumba ankailamulira ndi mpongozi wawo, amene tonse tinkangoti Madamu. Akuti a Meja anathamangitsa owasamalira angapo, mpaka tsiku limene anamva amayi akudziyankhulira Chichewa kukhitchini.

Ine zonsezo sizinandilowe. Munthu wazungulira nyanja zonse za pa dziko, walamulira asilikali, wayankhula m'Nyumba ya Malamulo, koma batani la malaya ake lomwe likumukanika mpaka achite kuitana mayi wa mwini!

Atandiona anandiyang'ana kuyambira kumapazi, n'kuyankhula Chinyanja chawo cha kunkhondo, chothyokathyoka ngati nkhuni. "Iwe mwana wa Amayi? Bwera pano. Imirira bwino! Ine ndi iwe abale. Mayi mmodzi."

Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni. Ine ndinangoti ndwii. Mayi mmodzi ndi ndani?

Masiku otsatira ndinaphunzira kuti m'nyumba imeneyo ine ndinali mwana wachiwiri. Ndinkaima pakhomo kuonerera amayi akuwenga zikhadabo za a Meja mosamala, akuwauzirira phala pa sipuni, akuwapesa titsitsi tawo toyera tija uku akuimba chamumtima nyimbo ya kutchalitchi imene ndinkaganiza kuti ndi yanga, chifukwa ndi yokhayo imene ndinkaikumbukira ya ndili kumsana. Tsiku lina m'mawa anandikhazika pakati pa miyendo yawo kuti andiluke tsitsi. Zala zawo zinali zofunda, zikununkhira sopo ndi anyezi, ndipo ndinatsinzina kuti ndizimve bwino. Atangofika pakati pa mutu, liwu lija linabwera. "Amayi!" Chipeso anachisiya chili chobaya m'tsitsi langa. Ndinakhala tsiku lonse mutu uli theka woluka theka nyankhalala, ndipo ndinakana kuti munthu wina aukhudze. Ankolo Tembo anati ndikuoneka ngati munda wolima waulesi.

Vuto limene linkawasowetsa mtendere amayi linali lakuti a Meja anali atasiya kudya. Masipuni awiri, basi atembenukira kukhoma. Dokotala ankabwera n'kumapukusa mutu. Ine ndikamva zimenezo sindinkamva chisoni ngakhale pang'ono, ndinkangowerengera kuti Januwale akubwera.

Ndiye tinaviika mawere aja. Amayi anawatsanula, n'kuwayala pa thireyi kuseri kwa khitchini pafupi ndi chingwe choyanikira, n'kufunditsa ziguduli zonyowa. Imeneyi inali ntchito yathu awiri, ine ndi mayi anga, ndipo m'mawa uliwonse tinkavundukula limodzi kuona timichira toyera tikutuluka. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ndinali ndi kanthu kamene mzunguyo analibe.

Sizinakhalitse. Mawere atamera bwino, fungo litayamba kuyenda, tinamva go, go, go ikubwera m'khonde limene azungu sankadutsamo. A Meja, amene anali asanatuluke panja miyezi yambiri, anatulukira pa chitseko cha kukhitchini atavala zogonera, mphuno zili m'mwamba ngati galu wosaka. Anawerama movutikira, n'kutola kambewu kamodzi, n'kukafinya ndi chikhadabo, n'kukaluma ndi mano akutsogolo.

"Chimera," anatero. Mawuwo anawatchula bwinobwino ngati munthu wa kwa Ganya. "Amayi, ichi chimera! Asilikali anga anachita ichi mu nkhalango. Nyumba ya tate wanga fungo ili, tsiku ndi tsiku."

Misozi inayamba kutsikira m'makwinya. Amayi anathamanga kukatenga mpando. Kuyambira tsiku limenelo a Meja ankakhala pamenepo m'mawa uliwonse, chipewa cha pa bwato chili kumutu, akulamula ngati abwerera ku fakitale yawo. "Tembenuza! Osati dzuwa lambiri! Mwana, manja oyera?" Anayambanso kudya. Amayi ankayenda akuimba. Mawere amene ndinawanyamula ine pamiyendo kuchokera ku Ntcheu, ndikukana kuwaika pansi ngakhale m'ndege, anasanduka mankhwala ochiritsa mdani wanga.

Chimera chitauma, ankolo Tembo anatitengera ku Satwa, kumene kunali kachigayo ka Mmwenye pakati pa mashopu a matelala. A Meja anaumirira kuti apite nawo, ndipo anakhala kutsogolo, amayi kumbuyo kwawo atawagwira phewa pa bampu iliyonse. Tsiku lophika anakanganirana za kutentha kwa phala. Amayi ankayesa ndi chala, a Meja ankafuna chipangizo choyezera, mapeto ake onse anapisa zala n'kugwirizana kuti lafika pothira chimera. Ankaseka ngati ana. Ine ndinapatsidwa ntchito yotsuka mthiko.

Pa Khirisimasi m'mawa thobwa linali litawiritsidwa n'kuzizira. Kwathu wophika amayamba walawa yekha pamaso pa anthu, kenako chikho choyamba amapereka kwa amene akumulemekeza tsiku limenelo. Amayi anavundula, n'kulawa, n'kugwedeza mutu. Anatunga chikho chodzaza. Ine ndinali nditagwada kale, nditavala diresi latsopano, manja onse awiri nditatambasula. Chikhocho chinandidutsa pamphuno.

"Akulu kaye, Madalo."

Anachipereka atagwada, ndipo a Meja anachilandira ndi manja awiri monga anaphunzirira kwa asilikali awo. Anamwa pang'onopang'ono, akuliyendetsa m'kamwa.

"Lokoma," anatero. "Koma mwana. Silinakule."

Chikho chachiwiri ndinachikana. Ndinati m'mimba mukundipota. Amayi sanakumbukire n'komwe zimene analonjeza pa foni, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka kuposa chikhocho. Nsanje inandidya tsiku lonse la kubadwa kwa Ambuye, ndipo sindinalape.

Thobwa lotsala amayi analiika mu firiji kuti lisasase, pakuti iwo anali mayi wa mpingo, mowa sankafuna ngakhale kuununkhiza. A Meja anayamba kupempha zikho ziwiri m'mawa, ziwiri masana, kuti azimwera kuchipinda. Zikho zinkabwerera zili mbee, amayi n'kumathokoza Mulungu, mpaka anaphikanso mphika wina. Koma ine, amene ndinkamulonda mzunguyo ngati mphaka pa una wa mbewa, ndinaona zimene ankachita. Pansi pa windo lawo panali bokosi lalikulu la matabwa la pa bwato lawo lakale. Mmenemo ankasungamo mabotolo akale a ku fakitale yawo, a zitsekerero zomangira ndi waya. Amayi akangotuluka, a Meja ankapinda pepala ngati fanulo, n'kutsanulira thobwa m'botolo, n'kuponyamo shuga wa tiyi, n'kutseka, n'kubisa. Ankafuna kuti likule.

Ndinathamanga kukanena. Amayi anali akusita, ndipo sanatukule ndi mutu womwe.

"Iwe, nsanje idzakupha. Munthu wamkulu ngati uja ungamunamizire? Choka apa."

Ndinapita kukalira kugalaja, ndipo ankolo Tembo atamva nkhaniyo anasiya kupukuta galimoto.

"Shhh! Iwe mwana, usakambe futi. Kuno si ku Ntcheu. Muzungu akafuna moba ali na pepala yake yogulila. Koma wanchito kuphika moba mu nyumba ya bwana? Madamu akamvela chabe, khalas, nkhani yatha. Visa cancel, ndeke, kumunzi. Amai ako sazaionanso Dubai."

Anaganiza kuti wandiopseza. Sanadziwe kuti wandipatsa uthenga wabwino kuposa wa angelo. Pa masiku amenewo n'kuti nditamva kale Madamu akuwauza amayi za kontirakiti yatsopano, amayi osakana, akungoti aganiza kaye. Tsono ndinapukuta misozi. Nkhaniyo ndinali nditainena kwa mwini wake ndipo ananditcha wabodza, changa chinatha. Ndinangoyamba kupempherera mabotolo aja, kuti Mulungu awakuze msanga.

Anawakuzadi. Chaka chatsopano chitangolowa, tsiku lina masana Madamu anaitana anzawo kudzamwa tiyi. A Meja ankadana ndi makina oziziritsa, ankazimitsa n'kutsekula windo, ndiye dzuwa linkawomba pa bokosi lija kuyambira m'mawa. Amayi akuthira tiyi m'makapu, kunamveka phuu! Kenako phuu! phuu! motsatizana, magalasi akuphwanyika. Mayi wina anataya kapu. Kuchipinda kunamveka liwu la a Meja likukuwa m'Chinyanja, "Gona pansi! Onse gona pansi!" Tinawapeza atabisala kuseri kwa bedi, chitsulo choyendera atachiloza kukhomo ngati mfuti, thovu loyera likutuluka m'mphepete mwa bokosi n'kumayenderera pa kapeti. Fungo lake silinali lofunsa. Aliyense wokulira ku Ntcheu amalidziwa, ndipo Madamu ngakhale sanakulire ku Ntcheu analidziwanso.

Alendo atathawa, Madamu anaimika amayi pabalaza. Nkhope ya Madamu inali itafiira mpaka m'makutu. Anati amayi akufulula mowa m'nyumba mwawo, akumwetsa nkhalamba yodwala imene ili pa mankhwala, ndipo alendo aja akakalankhula kunja banja lonse lilowa m'mavuto. Amayi anagwada.

"Madamu, ine mowa sindinaulawepo chibadwire. Ndinaphika thobwa, chakumwa cha ana."

"Cha ana chimaphulitsa mabotolo? Khalas, Esitere. Longedza katundu wako. Upita limodzi ndi mwana wako."

Sindinamvepo Chingerezi chokoma ngati chimenecho. Ndinathamangira kukachipinda kathu kuseri kwa khitchini, n'kutsitsa sutikesi ya amayi pamwamba pa kabati. Ndinapinda zitenje, madiresi a kutchalitchi, nsapato ndinazikulunga m'mapepala, Baibulo pamwamba. Manja ankangoyenda okha. Ndinali ndikuona kale tikutsika minibasi pa Ntcheu, anzanga amene ankanditcha mwana wa pa foni atangoti kakasi.

Ndikulimbana ndi zipi, ndinamva go, go, go ikulowera pabalaza. Ndinakasuzumira pa chitseko cha kukhitchini, pomwe ankolo Tembo anali ataima kale khutu lili pa mpata. A Meja anali atavala jekete yawo yabuluu ya mabatani agolide, mamendulo ali pachifuwa. Anali atamanga okha mabataniwo, mophonyetsa, lina m'bowo la linzake. Kumunsi anali akadali ndi thalauza logonera lonyowa ndi thobwa. Anasiya chitsulo chija, n'kugwira msana wa mpando, n'kuwongoka. Sindinkadziwa kuti anali wamtali choncho. Anayamba kuyankhula ndi liwu limene ndikhulupirira ndi lomwe ankagwetsa nalo anzawo m'Nyumba ya Malamulo, ndipo ankolo Tembo ankandimasulira monong'ona.

"Akamba ati, mu nyumba muno muli munthu umozi chabe wamene aziba kupanga moba, ndipo ni beve. Ati banja yao yapanga moba kuchokela kuli ambuye ao, manje sangalole kuti nchito yao ipasiwe kuli muzimai wamene anaphika chabe phala. Ati mulandu wao ni umozi, anaibala kuti zuba ya kuno si ya ku England." Ankolo Tembo anagwira pakamwa kuti asaseke. "Ati ku nkhondo sanasiyepo musilikali wao kuti afele mulandu wa ofisala. Ati ngati kuli wopitikisiwa, ni beve, muwaitanile taxi. Ati Esitere akachoka, beve sazadyanso, ndipo Madamu akafotokoze yeka kuli mwamuna wake."

Kenako Madamu anadzigwetsa pa sofa, n'kuphimba nkhope, mapewa akugwedezeka, sindikudziwa ngati kunali kulira kapena kuseka. Anati kapeti achape, nkhani yatha, ndipo thobwa lisadzaphikidwenso m'nyumba imeneyo. Ankolo Tembo anandimenya pamsana mwachimwemwe. "Waona? Mwamuna uja! Apulumusa amai ako!"

Amayi atalowa m'kachipinda n'kupeza sutikesi yotsekatseka, anaiyang'ana, n'kundiyang'ana ine. Anatsegula zipi n'kuyamba kubwezera zitenje mu kabati chimodzichimodzi.

Ndinatuluka mutu uli waukulu, n'kukalowa kuchipinda kwa a Meja osagogoda. Anali atakhala pa bedi akupuma mwabefu, jekete ikadali m'thupi. Sindinagwade. Ndinayankhula Chichewa chenicheni, chosawachepetsera.

"Ndimadana nanu. Amayi aja ndi anga, si anu. Inu anu anafa kalekale. Bwenzi tikupita kwathu, inu mwawononga."

Ndinkadikira kuti akalipe kapena aitane amayi. Anangondiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo otuwa aja.

"Ndidziwa," anatero. "Ine wakuba."

Anandiuza, mawu akuwasaka limodzilimodzi, kuti ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamukweza sitima kupita ku sukulu yogonera komweko, ndipo mayi amene ankamulera, wantchito ngati amayi anga, anatumizidwa kukalera mwana wa banja lina. Anakumana naye mwanayo atakula, pa mpikisano wa mabwato. "Munthu wabwino," anatero. "Ine ndinadana naye mpaka anafa. Iwe dana ndi ine, mwana. Si tchimo. Mlandu woona."

Kenako anakweza mawu. "Amayi!"

Amayi anabwera akupukuta manja, ndipo a Meja anawauza m'Chinyanja kuti nanenso ndimve. "Amayi, kontirakiti yatha. Pita ndi mwana. Ine ndilamula."

Ndinawayang'ana amayi. Iwo sanandiyang'ane, anayang'ana mabatani ophonyetsa aja, n'kuyandikira, n'kuyamba kuwamasula kuti awamange bwino.

"Bambo, lamulo limenelo ayi. Atate anga anamwalira ine ndili kuno, anawatseka maso ndi anthu ena. Inu sindikusiyani m'manja mwa alendo. Madalo ndi mwana, ali ndi masiku ambiri. Adzandipeza."

Akanati akutsalira fizi yanga, ndikanamvetsa, pakuti ndi zimene amayi onse a kuno amanena ndipo n'zoona. Koma sanatero. Anatsala chifukwa ankamukonda mkuluyo, ndipo ananena ine ndili pomwepo.

Ndinakwera ndege ndekha, tsitsi atandiluka mutu wonse ulendo uno, mizere yowongoka bwino, ngati kuti zimenezo zikanalipira. A Meja anakhalabe ndi moyo zaka zina zitatu, akudya bwino, ndipo anamwalira dzanja lawo lili m'dzanja la amayi. Mmene amayi ankatsika minibasi pa Ntcheu n'kuti ine nditatha msinkhu kalekale. Anandilangiza ndi amayi aang'ono ndi azimayi a mpingo, ndipo tsiku limene ndinadzidzimuka nditaona zachilendo m'thupi langa, ndinathamangira kwa mkazi wa neba. Masiku ambiri aja analipodi, koma amene ndinkawafunawo anali atapita.

Anthu ndikawafotokozera nkhaniyi amati a Meja anali munthu wabwino, ndipo sindikana. Ndicho chimandipsetsa mtima. Akanakhala wankhanza, akanangokhala chete pa bedi lawo tsiku lija, ine ndikanakula ndi mayi. Mpaka lero ndikaona chithunzi chawo chimene amayi anachipachika pabalaza kwathu, pambali pa cha atate awo, ndimakwiya ngati ndikadali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndimachita nsanje ndi munthu wakufa, ndipo ndasiya kuchita nazo manyazi.

Nyumba zazitali za ku Jumeirah Lake Towers, zimene nthawi imeneyo zinali zitsulo ndi fumbi, pano zinatha kumangidwa, ndipo ine ndimagwira ntchito m'mwamba mwa imodzi mwa izo. Ndimalera kamnyamata ka eni ake, kopusa bwino, kokonda kugona pamsana. Wanga mwana, Tiyamike, ali ku Ntcheu ndi amayi. Lamulungu lapitali, ndisananyamuke kupita kumapemphero ku Al Qusais, ndinaimba foni ya kanema. Amayi anali ataphika thobwa, ndipo Tiyamike anali akundionetsa dzino limene laguluka. Kamnyamata kaja kanatulukira, n'kundikwera pamiyendo, n'kundikumbatira m'khosi. "Mama! Mama!"

Nkhope ya mwana wanga inasintha ndikuona. Kamwa linatsekeka, dzino linaiwalika.

"Ameneyo ndi ndani akukutchulani amayi?"

Kumbuyo kwake ndinamva agogo ake akuyamba, "Iwe Tiya, nsanje imeneyo, mwana wa mnzako ndi wako yemwe..."

"Amayi, musiyeni," ndinatero, ndipo liwu linatuluka lokalipa kuposa mmene ndinkafunira. Ndinamutsitsa mwana wa eni akeyo, n'kuyandikitsa foni kumaso.

"Tiya, ukulondola. Wakubera. Kwiya ndithu, si tchimo."

Anandiyang'ana osaphethira, misozi ili lengelenge, akudikira kuti ndinene mawu enawo, akuti ndikubwera. Mawu amenewo ndinalibe. Ndinangopempha amayi kuti atunge thobwa, ayambe apatsa iyeyo asanapatse wina aliyense. Anatunga, anagwada ndithu pamaso pa mdzukulu wawo, n'kumupatsira ndi manja awiri.

Tiyamike anachiyang'ana chikhocho, n'kunena kuti m'mimba mukumupota.